Ndikufuna kukhala dokotala wa mbewu, koma bambo akuti ndikutaya nthawi

Kalata iyi yachokera kwa mtsikana wa zaka 19 yemwe ali m'chaka choyamba ku yunivesite. Ndayifupikitsa pang'ono.

"Amayi, ine ndinkafuna kuphunzira udokotala koma sanandisankhe, ndiye ndili ku sayansi ya mbewu. Miyezi yoyamba ndinkangokhalira kulira. Koma mwezi watha aphunzitsi anatipatsa tsamba la chimanga lokhala ndi timadontho tofiira ngati dzimbiri. Nditakanda ufa wake n'kuuyang'ana pa maikulosikopu, ndinaona timipira tambirimbiri taminga, ndipo kuyambira tsiku limenelo mtima wanga uli pamenepo. Ndikufuna kudzaphunzira za mafangasi ndi matenda a mbewu. Vuto ndi lakuti bambo anga akuti ndisiye ndikayesenso za udokotala, chifukwa iwo sanamvepo za munthu wodyera nkhungu ndi masamba owola. Ndiuzeni zoona. Kodi ntchitoyi ilipodi? Moyo wake ndi wotani? Imatenga zaka zingati, nanga munthu angasamale nayo banja? Kodi si yoopsa pa thanzi?"

Mwana wanga, zikomo polemba, ndipo mtima ukhale m'malo. Sunasochere. Timipira taminga unaonato ndi njere za fangasi (kachilombo ka banja la nkhungu ndi bowa) wotchedwa Puccinia sorghi, amene amayambitsa dzimbiri la chimanga. Kadontho kamodzi kofiira kaja kamatulutsa njere zikwizikwi, mphepo n'kuzinyamula kupita nazo m'minda yakutali. Ine ndinaziona koyamba zaka zoposa 25 zapitazo, ndipo mpaka lero ndikaziika pansi pa galasi ndimayamba ndakhala kaye chete. Ntchito ukufunsayi ilipodi, ndi imene yalera ana anga, ndipo ndikuuza zokoma zake ndi zowawa zomwe. Bambo ako usawakwiyire. Kholo limafuna mwana alowe pakhomo lomwe ilo likulidziwa, ndipo khomo la chipatala palibe amene salidziwa. Lathuli ambiri salidziwa chifukwa tikagwira bwino ntchito sipaoneka kanthu: mbewu zimangokula, anthu n'kukolola.

Ukapeza mpata uwauze bambo za Anton de Bary. Iyeyu anali wa ku Germany, anabadwa mu 1831, ndipo anaphunzira udokotala weniweni wa anthu mpaka kutenga digiri yake ku Berlin mu 1853. Kuchipatala sanakhalitseko, mtima wake unali pa zomera. Nthawi imeneyo ku Ulaya kunali chilonda chosapola. Kuyambira mu 1845 mbatatesi za ku Ireland zinkapsa masamba ndi chiwawu n'kuwolera m'nthaka, ndipo anthu pafupifupi 1 miliyoni anafa ndi njala komanso matenda otsagana ndi njala, enanso ochuluka chomwecho n'kuthawa m'dzikomo. Ulamuliro wa nthawiyo uli ndi mlandu wake pa imfa zimenezo, pakuti zakudya zina zinkatulukabe m'dzikomo anthu akufa, koma chinayatsa motowo ndi chiwawu. Akatswiri ambiri ankati nkhungu yoyera ya kunsi kwa masamba imangobwera mbewu itawola kale, monga ntchentche pa chilonda. M'busa wina wa ku England, Miles Joseph Berkeley, ananena mu 1846 kuti nkhunguyo ndiyo inkapha mbewu, koma ambiri anamutsutsa. De Bary ndiye anathetsa mkangano. Anatenga njere za nkhunguyo n'kuziika pa mbewu zathanzi, zina n'kuzisiya osazikhudza, ndipo anatsatira mmene njere imamerera n'kulowa m'tsamba. Zomwe anaziika njere zinadwala. Anasindikiza zotsatira zake mu 1861, ndipo dzina lomwe anadzakapatsa kachilomboko, Phytophthora infestans, tikuligwiritsabe ntchito. Pambuyo pake anthu anadzapeza kuti kameneka si fangasi weniweni, ndi wachibale wa ndere za m'nyanja, ngakhale kamakula ndi kuoneka ngati nkhungu. Choncho sayansi ukuikondayi anaikhazikitsa ndi dokotala amene anaona kuti mbewu ikadwala, anthu ndi amene amadzaza manda.

Usaganize kuti zimenezi zinatha kalekale. Dzimbiri la khofi linaoneka ku Ceylon, komwe lero ndi Sri Lanka, mu 1869, ndipo linapha minda mpaka eni ake anatembenukira ku tiyi. Nthochi ya Gros Michel, yomwe inkalamulira misika ya padziko lonse, inagonja cha m'ma 1950 kwa fangasi wa m'nthaka wa mtundu wa Fusarium, m'malo mwake n'kulowa nthochi ya Cavendish. Lero mtundu watsopano wa fangasi yemweyo, wotchedwa TR4, ukupha Cavendish. Unapezeka ku Mozambique mu 2013, ku Colombia mu 2019, ndipo ukalowa m'nthaka umakhalamo zaka makumi. Dzimbiri la tirigu la Ug99 linapezeka ku Uganda mu 1998. Matenda ena a tirigu omwe anayambira ku Brazil mu 1985 anatulukira ku Bangladesh mu 2016 ndi ku Zambia mu 2018. Bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, FAO, limati tizilombo ndi matenda zimawononga mpaka magawo 40 pa 100 alionse a zokolola za padziko chaka chilichonse. Ndipo pa mitundu ya mafangasi yomwe akatswiri amati ilipo pakati pa 2.2 ndi 3.8 miliyoni, yomwe inapatsidwa mayina ndi pafupifupi 150,000 yokha. Ntchito siyidzakuthera m'manja.

Tsopano za moyo wake wa tsiku ndi tsiku, chifukwa apa ndi pomwe uyenera kudziyeza. Wodwala wathu salankhula. Sakuuza pomwe pakupweteka kapena tsiku lomwe zinayamba. Zonse umachita kuziwerenga pa thupi lake ndi pa malo omwe waima.

Tsiku lina mlimi wa tomato anandiitana kudimba kwake. Anali atapopera kale mankhwala a mafangasi katatu, monga anamuuzira wogulitsa mankhwala, koma tomato ankangofotabe. Nditafika sindinathamangire kugwira tsamba. Ndinaima kaye m'mphepete n'kuyang'ana dimba lonse. Mbewu zodwala sizinali paliponse, zinali motsatira ngalande yomwe madzi othirira ankadutsa. Masamba ake anali ofota koma obiriwirabe, opanda madontho. Ndinazula imodzi, n'kudula tsinde chakumunsi, ndipo m'kati munali mofiirira. Ndinapempha tambula yagalasi ya madzi oyera, n'kulendewetsa kachidutswa ka tsindeko kuti nsonga yokha ikhudze madzi, n'kumuuza mlimiyo kuti tisaigwedeze. Tinakhala pansi tonse awiri, maso pa tambula. Patapita mphindi zochepa, timizere toyera ngati utsi tinayamba kutsika pang'onopang'ono kuchokera m'tsinde muja. Amenewo anali mabakiteriya a Ralstonia solanacearum, mamiliyoni ake, omwe anali atatseka misempha yokwezera madzi. Mankhwala a mafangasi sakanawachita kanthu ngakhale akanapopera kakhumi. Chomwe ndinamuuza chinali chowawa: azule zodwalazo, asinthe njira ya madzi, atsuke makasu, ndipo pamalopo asabzalepo tomato, mbatatesi, tsabola kapena mabiringanya kwa zaka zingapo. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anangoti, "Bola ndadziwa." Nkhope yake ndimaikumbukirabe nthawi iliyonse yomwe wophunzira wanga akuthamangira kutchula dzina la mankhwala asanaone bwino.

Theka la zomwe anthu amatibweretsera si mafangasi. Masamba a m'munsi a chimanga akachita chikasu kuyambira kunsonga motsatira msana wa tsamba, kawirikawiri ndi njala ya nayitirojeni. Akachita pepo mbewu ili yaing'ono, ganizira za fosifolasi. Zina ndi mavairasi onyamulidwa ndi nsabwe za m'masamba, zina ndi tinyongolotsi ta m'mizu, zina ndi mankhwala ophera udzu omwe mphepo inaulutsira kuchokera kwa mnansi. Vuto la nthaka kapena la mankhwala limakonda kugwira mbewu zonse mofanana ndi pa nthawi imodzi. Matenda opatsirana amayambira pamodzi n'kumafalikira. Diso limeneli silibwera ndi digiri, limabwera ndi minda yomwe wapondamo.

Ku labotale ndi dziko lina. Tsamba lodwala sutenga pakati pomwe pafa kale, chifukwa pamenepo pamakhala tizilombo tongodya zowola. Umadula tizidutswa ting'onoting'ono pamalire, pomwe pobiriwira pakumana ndi pakufa, pakuti mdani weniweni amakhala ali kutsogolo kwa nkhondo. Umativiika mu bleach wosungunula kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, kutitsukuluza katatu m'madzi ophetsedwa tizilombo, kutiumitsa, n'kutiika m'timbale tokhala ndi chakudya cha mafangasi. Chakudya chofala ndi PDA, chopangidwa ndi msuzi wa mbatatesi, shuga ndi agar (ufa wolimbitsa msuziwo), ndipo chimayamba chaphikidwa mu autoclave, chimphika chophera tizilombo ndi nthunzi, pa madigiri 121 kwa mphindi 15. Ukatseka timbale umatiika pamalo ofunda, cha pa madigiri 25, n'kudikira. Pakatha masiku atatu kapena asanu, ulusi woyera umayamba kutuluka m'mbali mwa kachidutswa kaja ngati thonje. Fusarium amadzasintha mbale kukhala yapinki kapena yapepo, ndipo njere zake zikuluzikulu zimapindika ngati bwato. Aspergillus flavus amachita ufa wobiriwira mosakanikira chikasu. Rhizopus ndi mlendo wosaitanidwa, amadzaza mbale yonse m'masiku awiri n'kukwirira chomwe umafuna. Dzimbiri lako lija silimera m'mbale ngati anzakewa. Limafuna tsamba lamoyo, ndiye amene amaliphunzira amakhala akulera mbewu chaka chonse kuti alisunge.

Ukapeza fangasi m'mbale, mlandu sunathe. Uyenera kutsimikiza kuti iyeyo ndiye wakupha, osati wongodutsa. Timatsatira mfundo za Robert Koch, dokotala winanso wa ku Germany: kachilomboko kapezeke pa mbewu iliyonse yodwala, ukalere pakokha, ukaike pa mbewu yathanzi n'kuona matenda omwewo akutuluka, kenako ukapezenso komweko m'mbewu yachiwiriyo. Zimatenga masabata, nthawi zina miyezi. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo sindikudziwa ntchito ina yomwe mwambiwu umaikwanira ngati yathuyi.

Zowawa zake nazi. Ndikuchita masitazi (digiri yachiwiri) ndinasonkhanitsa mafangasi a nyemba kuchokera m'minda yambiri kwa zaka ziwiri, aliyense m'mbale yake, ndi nambala yake. Tinthata ting'onoting'ono, tosaoneka bwino ndi maso, tinalowa m'kabati. Timayenda kuchoka m'mbale ina kulowa ina titanyamula njere ndi mabakiteriya kumapazi. Pomwe ndinkaona timikwasa tawo pa agar, zambiri zinali zitasakanizika kale. Ndinalira ndithu. Kuyambira pamenepo chilichonse chamtengo wapatali ndimachisunga pawiri, m'malo osiyana, ndipo wophunzira aliyense wobwera kwa ine ndimamuphunzitsa zimenezi sabata yoyamba. Chaka china ndinabzala mitundu yambiri ya nyemba kuti ndione yopirira ku matenda, koma mvula inadula ndipo matendawo sanabwere. Mitundu yonse inaoneka ngati ngwazi, chaka chonse n'kupita pachabe. Matenda a mbewu ali ngati mphika pa mafuwa atatu: pakhale mbewu yosapirira, kachilombo kamphamvu, ndi nyengo yokomera kachilomboko. Fuwa limodzi likasowa, palibe chimene chipse. N'chifukwa chake m'minda yoyesera timabzala dala mizere ya mbewu yosapirira kuti ifalitse matenda, kupopera njere madzulo, ndi kuthirira kuti pakhale chinyontho. Kenako umayenda mzere ndi mzere dzuwa likuswa mtengo, kupereka malikisi a kukula kwa matenda kuyambira 1 mpaka 9, mbewu mazanamazana, msana ukuwawa. Ngati umanyansidwa ndi matope, kapena ngati kubwereza chinthu chimodzi ka 300 kumakupsetsa mtima, uganize kawiri.

Popeza mtima wako unali ku udokotala, pali gawo lina lomwe ndikuganiza kuti lingakukoke kwambiri: poizoni wa chuku. Mu 1960 nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England, ndipo atafufuza anapeza kuti gwero linali chakudya chopangidwa ndi mtedza wochokera ku Brazil, womwe unali ndi Aspergillus flavus. Poizoniyo anamutcha aflatoxin. Amapezeka kwambiri mu mtedza ndi chimanga zomwe zinavutika ndi chilala m'munda, zobooledwa ndi tizilombo, kapena zosungidwa zisanaume bwino. Saphedwa ndi kuphika wamba, ndipo ng'ombe ikadya chakudya choterocho poizoniyo amatulukira mu mkaka. Akamalowa m'thupi pang'onopang'ono kwa zaka amayambitsa khansa ya chiwindi, makamaka kwa amene ali ndi hepatitis B. Akachuluka nthawi imodzi amapha msanga: ku Kenya mu 2004 anthu 317 anadwala ndipo 125 anamwalira atadya chimanga chachuku. Mayiko a European Union salola mtedza wodya wopitirira magawo 4 pa magawo 1 biliyoni. Taona tsono nzeru za anzathu a ku IITA, bungwe lofufuza za ulimi wa m'madera otentha, ndi omwe anagwira nawo ntchito: anasankha mitundu ya Aspergillus flavus yemweyo yosapanga poizoni, n'kuimata pa njere za mapira zophedwa kuti zisamere, zomwe mlimi amamwaza m'munda masabata awiri kapena atatu mbewu zisanachite maluwa. Fangasi wabwinoyo amalanda malo a woipa uja. Amazitcha Aflasafe. Dokotala wa kuchipatala amakumana ndi chiwindi chitawonongeka kale. Wa mbewu ali ndi mwayi woletsa poizoniyo asanafike pakamwa pa mwana.

Za zaka za sukulu, werengera chonchi: zaka 4 za digiri yoyamba, 2 za masitazi, ndi 3 mpaka 5 za PhD. Sizisiyana kwambiri ndi za dokotala amene akufuna ukatswiri wapadera. Koma suyenera kumaliza zonsezi usanayambe kulandira malipiro. Ndi digiri yoyamba ungathe kugwira ntchito mu labotale, ku kampani ya mbewu, kapena yoyendera katundu wa zomera pa zipata za dziko. Ndi masitazi umayamba kuyendetsa kafukufuku wako. Ambiri a ife sitinalipire tokha masitazi kapena PhD. Tinalowa m'mapulojekiti a kafukufuku kapena tinapeza thandizo ku mabungwe monga DAAD, Commonwealth Scholarships ndi RUFORUM, ndipo AWARD imathandiza makamaka akazi a mu Africa ochita kafukufuku wa zaulimi. Onsewa amayang'ana malikisi a digiri yoyamba, ndiye chaka chomwe uli nachochi usachitaye ndi chisoni.

Pakali pano limbikira zinthu zomwe anzako ambiri amazithawa. Masamu a statistics, chifukwa popanda iwo sungasiyanitse mbewu yopiriradi ndi yomwe inangochita mwayi. Majini ndi DNA, chifukwa masiku ano mafangasi ambiri ofanana nkhope timawasiyanitsa ndi PCR (njira yochulukitsira kachidutswa ka DNA) ndi kuwerenga DNA yawo, ndipo amene amatha kusanthula zimenezi pa kompyuta amachita kulimbiranidwa. Kulemba momveka, chifukwa gawo lalikulu la moyo wa katswiri ndi kulemba: malipoti, mapepala a kafukufuku, ndi makalata opempha ndalama omwe ambiri amakanidwa. Koma DNA isakuiwalitse maikulosikopu ndi munda. Ndakumanapo ndi achinyamata odziwa makina onse koma osatha kusiyanitsa dzimbiri ndi madontho a fangasi wina wotchedwa Cercospora pa tsamba lenileni.

Njira zake m'kati muno n'zambiri. Ena amakhala otchula ndi kusunga mitundu ya mafangasi, monga amachitira ku Kew ku England kapena ku Westerdijk Institute ku Utrecht. Ena amalosera miliri potsatira mphepo ndi chinyontho. Ena amapita ku makampani a mankhwala. Ena amayendetsa zipatala za mbewu monga zomwe bungwe la zaulimi la CABI linayambitsa pansi pa pulogalamu ya Plantwise mu 2011, komwe mlimi amabwera ndi mbewu yodwala n'kulembedwa uphungu. Ine ndakhala nthawi yaitali pafupi ndi opanga mbewu zatsopano, ndipo kumeneko ndi komwe ndaona phindu lalikulu kwa mlimi wosauka, chifukwa chitetezo chimabwera chili kale m'njere, sachita kugula padera. Norman Borlaug wa ku America anayamba ndi maphunziro a nkhalango, n'kumva katswiri wa matenda a mbewu E. C. Stakman akukamba za dzimbiri la tirigu ku University of Minnesota, basi n'kusintha njira. Anapita ku Mexico mu 1944, anakhala zaka akukwatitsa mitundu ya tirigu kuti ipirire ku dzimbiri, ndipo mu 1970 analandira Nobel Peace Prize. Ntchito yomwe anayamba ikupitirirabe ku CIMMYT, bungwe lofufuza za chimanga ndi tirigu. Koma dziwa kuti chigonjetso chathu sichikhalitsa. Harold Flor, pophunzira dzimbiri la fulakesi (mbewu ya ulusi wopangira nsalu) cha m'ma 1940, anaonetsa kuti jini ya chitetezo mu mbewu imagwira ntchito pokhapokha ikazindikira jini inayake mwa fangasi. Fangasi akangosintha jini yakeyo, mbewu simuonanso, ndipo amalowa ngati mbala yovala zovala za mwini nyumba. Ndi mmene Ug99 inathyolera chitetezo chomwe alimi a tirigu anachidalira zaka zambiri. Ndipo mbewu zonse zikakhala za magazi amodzi, zimagwa tsiku limodzi: mu 1970 ku United States matenda a masamba anawononga pafupifupi magawo 15 pa 100 a chimanga chonse chifukwa mbewu zambiri zahaibulidi zinali ndi kufooka kumodzi.

Za ndalama sindikunamiza. Ntchito ya boma kapena ya ku yunivesite ndi yokhazikika koma malipiro ake ndi apakatikati, ndipo nthawi zina umakhala ndi nzeru zambiri koma labotale ilibe ngakhale agar. Mabungwe a mayiko ambiri monga CIMMYT, IITA, ICRISAT ndi CIP amalipira bwino, koma kawirikawiri pa kontrakiti ya zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo pulojekiti ikatha umayambanso kusaka. Makampani amalipira bwino nawonso, koma kumeneko udzakumana ndi yesero lomwe ndikufuna ulidziwiretu. Tsiku lina munthu adzafuna kuti ulembe kuti mankhwala kapena mbewu yake yapambana pomwe manambala ako sakunena choncho. Ine zinandichitikirapo, ndinakana, ndipo pulojekiti yotsatira sanandipatse. Sindinong'oneza bondo. Dzina la katswiri likangoda kamodzi siliyeranso, ndipo amene amalipira bodza lako ndi mlimi amene wakongola ndalama kuti agule chinthucho. Banja ungalisamale, sudzagona ndi njala, koma ngati cholinga chachikulu ndi kulemera msanga, njira ino si yachidule.

Kukhala mkazi m'ntchito imeneyi kuli ndi mitolo yake. Nyengo ya mvula ndi nyengo ya matenda, ndiye umakhala paulendo masabata. PhD nthawi zambiri imagwa pa zaka zomwe anzako akumanga mabanja, ndipo mwina idzafuna kuti upite kunja. Ine ndinasiya mwana wa zaka zitatu kwa miyezi ingapo, ndipo palibe satifiketi yomwe inachotsa kuwawa kumeneko. Zimatheka ngati wokwatirana naye akumvetsa ntchito yako kuyambira pachiyambi, ndiye nkhani imeneyi udzaikambe poyera musanalonjezane. Johanna Westerdijk anapatsidwa utsogoleri wa labotale ya matenda a mbewu ku Netherlands mu 1906 ali ndi zaka 23, ndipo mu 1917 anakhala mkazi woyamba kukhala pulofesa m'dzikolo. Anatsogolera ophunzira a PhD oposa 50, pafupifupi theka lawo akazi, ndipo mmodzi mwa iwo, Bea Schwarz, ndi amene anapeza fangasi yemwe ankapha mitengo ya elm. Ukamadzasankha wokuyang'anira pa masitazi, usatengeke ndi kutchuka kwa dzina. Funsa mwakachetechete ophunzira ake akale ngati amawerenga zomwe amulembera, ngati amawalemekeza, ndiponso ngati anamaliza pa nthawi yake. Aliyense akadzakuvutitsa mopanda ulemu pogwiritsa ntchito udindo wake, usadzasunge m'mimba. Lemba masiku ndi zomwe zachitika, ukanene ku ofesi yoona za ophunzira.

Pa za thanzi, mafangasi ambiri a mbewu sagwira anthu, ndiye usaope kugwira tsamba ladzimbiri. Zoopsa zenizeni n'zochepa ndipo n'zopeweka. Mbale ya Aspergillus suitsegula pamtetete kapena kuinunkhiza, umaitsegulira m'kabati yotetezera, chifukwa njere zake zikalowa m'mapapo zimavutitsa, makamaka kwa wa mphumu, amene anadwalapo TB, kapena amene chitetezo cha m'thupi chinatsika. Ngati uli m'gulu limeneli, uza dokotala ndi woyang'anira labotale usanayambe. Popera chimanga kapena mtedza wachuku vala masiki ndi magolovesi. Popopera mankhwala vala zodzitetezera zonse ngakhale kutenthe bwanji, ndipo ukadzakhala woyembekezera nena msanga kuti akuchotse kaye pa ntchito ya mankhwala ndi ya poizoni. Ukayamba kutsokomola kosatha, kubanika, kapena zidzolo zobwera ukagwira ntchito, pita kuchipatala ukanene ntchito yomwe umagwira.

Chinanso: anthu akangomva kuti umaphunzira mafangasi adzayamba kukutumizira zithunzi za bowa pa WhatsApp kufunsa ngati ndi wodyedwa. Usadzayankhe "inde" pa chithunzi, ngakhale utakhala pulofesa. Bowa wakupha wotchedwa Amanita phalloides amafanana ndi bowa wina wabwino, kuphika sikumuchotsa ululu, ndipo zizindikiro zake zimachedwa maola 6 kapena kuposa. Munthu amasanza n'kutsegula m'mimba, kenako amaoneka ngati wachira, pomwe chiwindi chikufa. Wodwala aliyense atadya bowa apite kuchipatala nthawi yomweyo, atatenga bowa wotsala.

Tsono uchite chiyani? Sindikuuza kuti usiye maloto a udokotala chifukwa cha tsiku limodzi losangalatsa pa maikulosikopu. Ngati ukatseka maso umadzionabe uli pambali pa bedi la wodwala, ukumugwira dzanja, funsa ku yunivesite yako za njira zosinthira kapena zodzalowera udokotala ukamaliza digiri ino, pakuti bayoloje ndi kemisitiri zomwe ukuphunzira sizidzapita pachabe. Koma usasiye malo omwe uli nawo usanapeze ena. Ndipo dziyese kaye. Pita kwa aphunzitsi aja anakupatsa tsamba, uwapemphe kuti uzithandiza mu labotale yawo pa tchuthi, ngakhale kutsuka timbale ndi kuthira agar. Upemphenso kupita nawo kumunda tsiku lopereka malikisi. Ukatha masabata asanu ndi limodzi a ntchito yotopetsayo, n'kupeza kuti m'mawa umafulumirabe kukasuzumira m'kabati kuti uone chomwe chamera usiku, yankho ulipeza wekha. Kulira kuja kukapitirira, n'kumasowa tulo kapena chilakolako cha chakudya kwa masabata, kaonane ndi mlangizi wa ophunzira kapena dokotala, usadikire kuti kuthe kokha.

Bambo usalimbane nawo ndi mawu. Apemphe aphunzitsi ako kapena katswiri wina wa ntchitoyi kuti alankhule nawo, chifukwa mafunso awo a malipiro ndi tsogolo ndi oyenera kuyankhidwa ndi munthu wamkulu mnzawo. Ndipo ukapita kunyumba, tenga kagalasi kokuzira zinthu ka 10. Thyola tsamba la tomato kapena la nyemba lomwe lili ndi madontho, uliike m'pepala la pulasitiki loonekera m'kati pamodzi ndi kathonje konyowa, umange, ulisiye pamthunzi masiku awiri. M'mawa wa tsiku lachitatu aitane bambo, uwapatse kagalasiko, ayang'ane okha kunsi kwa tsamba m'mphepete mwa dontho, pomwe padzakhale patamera tiubweya tonyamula njere. Mukatha kuona, pepalalo ukalikwirire kutali ndi dimba, usambe m'manja.